Kavalavu kolira pa phiri la Zomba

Tidakwera phiri la Zomba Lachinayi masana, kagulu ka ife ophunzira amene tidasankha kuyamba tchuthi ndi mapemphero komanso kuyenda m'nkhalango m'malo mothamangira kumudzi. Pulogalamu inali yosavuta: Lachisanu kukaona mathithi a Williams ndi damu la Mulunguzi, Sabata kupembedza pansi pa mitengo ya paini, Sande kutsika. Chomwe sitidachiike pa pulogalamu ndi fungo lomwe lidatidzutsa Lachisanu m'mawa. Thanki ya zimbudzi ya pamalo pomwe tidafikira inali itadzaza mpaka kusefukira pa kapinga.

Eni malo adaitanitsa galimoto yopopa zimbudzi kuchokera m'tauni, ndipo idafika dzuwa litapendeka kale. Kanjira kotsikira kuthankiko kanali koterera, choncho adalaivala adaimika galimoto kumtunda, pamsewu, nalumikiza mapaipi atatu kuti afike pansi. Poyamba zidayenda. Madzi a pamwamba adakwera bwinobwino, paipi ikugwedezeka ngati njoka. Atafika pa zolimba za pansi, zonse zidaima, ndipo kumbuyo kwa galimoto kudayamba kumveka kaphokoso kosalekeza, psiii, kochokera pa kachitsulo kena kokhala ndi sipuling'i.

Adalaivala anali kumunsi, akutakasa m'thanki ndi mtengo. Mnyamata wowathandiza, wamsinkhu ngati wathu, adayang'ana kachitsuloko nati, "Mpweya ukuthawira apa, n'chifukwa chake sikukoka." Adatulutsa lekeni m'thumba nakulunga kachitsuloko zolimba mpaka kadakhala chete. Muvi wa geji udakwera. Ena mwa ife tidamuyamikira kuti ndi wochangamuka. Sipadapite nthawi yaitali, kudamveka fungo la oyilo wopserera, kenaka utsi, kenaka kulira kwa lamba akuterereka. Adalaivala adakwera chothamanga nazimitsa injini.

"Iwe, wamanga valavu? Wakuuza ndani?"

"Madala, imataya mpweya."

"Ntchito yake ndi yomweyo!"

Pampu idakana kuzunguliranso. Tidatsegulira Sabata tili pamzere wa kachimbudzi kamodzi kokumba ka kuseri kwa khitchini, ndipo nkhani ya valavu idatitsatira mpaka kusukulu. Chomwe chidativuta kuvomereza n'chakuti ambiri mwa ife tikadachita zomwe mnyamatayo adachita. Tidaleredwa kuti chinthu chikamachucha kapena kutulutsa mpweya, chimangeni. Chubu cha njinga, paipi ya madzi, ndowa yobooka, zonse mankhwala ake ndi lekeni. Nanga bwanji pamakina okoka lamuloli limapha makinawo?

Yankho limayambira pa mfundo yomwe aphunzitsi a fizikisi adatiuza ku sekondale ife n'kuiloweza osaikhulupirira: pampu sikoka kanthu. Chomwe imachita ndi kuchotsa mpweya m'thanki. Mpweya wa kunja, womwe umatipsinja tonse usana ndi usiku popanda ife kumva, ndiwo umakankha madzi kapena zonyansa kuti zilowe m'paipi kupita kumene mpweya wachepa. Ngakhale pomwa chakumwa ndi kapaipi, mapapo athu amangopereka malo. Wokankha ndi mpweya wa kunja. Ndiye kuti mphamvu yonse ya makina okoka ili ndi malire omwe sakhala m'makinamo. Malirewo ndi kulemera kwa mpweya wa pamalo pomwe mwaimapo.

Evangelista Torricelli wa ku Italy ndiye adayamba kuyeza kulemera kumeneku m'zaka za m'ma 1640, pogwiritsa ntchito paipi yagalasi ndi mercury, madzi olemera onyezimira aja a m'zoyezera kutentha zakale. M'mphepete mwa nyanja yamchere mpweya umakweza mercury mamilimita 760, omwe ndi pafupifupi mainchesi 30. Akadakhala madzi wamba akadakwera mamita 10.3. Mu Seputembala 1648, Florin Périer, mlamu wake wa Blaise Pascal, adanyamula chipangizo chotere kukwera nacho phiri la Puy de Dôme ku France, ndipo pansonga pake mercury idatsika pafupifupi mainchesi atatu poyerekeza ndi m'munsi. Ukamakwera, mpweya wa pamwamba pako umachepa, ndipo kukankha kwake kumachepanso.

Zomba ndi malo abwino kuchitirapo zomwe Périer adachita, chifukwa tauni ndi phiri zili moyandikana ngati khonde ndi denga. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake umakweza mercury mainchesi pafupifupi 27. Mukakwera msewu wokhotakhota uja mpaka cha ku Ku Chawe, mamita pafupifupi 1,500, otsala ndi mainchesi 25. Pansonga za phiri monga Malumbe, popitirira mamita 2,000, ndi mainchesi 23 ndi theka. Mwachidule, mamita 300 aliwonse amadya pafupifupi inchesi imodzi. Amayi ophika paphiri amadziwa zimenezi mwa njira ina: nyemba zimachedwa kupsa, chifukwa madzi amawira asadatenthe kwenikweni, pa madigiri 97 m'tauni ndi pafupifupi 93 pansonga.

Manambala awa 30, 27, 25 ndi 23 ndi theka muwasunge, tiwafunanso.

Tisadabwerere ku galimoto ya zimbudzi, tiyeni tione m'bale wake yemwe malire ake ndi opapatiza kwambiri, motero amaphunzitsa bwino: makina ochapira makapeti omangidwa m'galimoto. Ku America ndi maiko ena bizinesi imeneyi ndi yaikulu. Galimoto imaima panja pa hotela kapena ofesi, injini imatenthetsa madzi, paipi yaing'ono imawapopera pa kapeti, ndipo paipi yaikulu imakoka madzi akudawo kubwerera kuthanki ya m'galimoto. Sitikuwatchula mwamwayi. Anzathu ena a maphunziro a bizinesi akulota zoyambitsa makampani oyeretsa m'mahotela, m'mabanki ndi m'matchalitchi akamaliza sukulu, ndipo tonse tikudziwa kuti ndalama zoyambira zikapezeka, makina ake adzakhala ogwirapo kale ntchito, ochokera kunja, otcheredwa ndi munthu yemwe sadamvepo za phiri la Zomba.

Mtima wa makina amenewa ndi blower, yomwe nthawi zambiri imakhala ya mtundu wa Roots. Dzinali ndi la abale awiri, Philander ndi Francis Roots a ku Connersville m'chigawo cha Indiana, amene adalembetsa luso lawoli mu 1860. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri zooneka ngati nambala 8, kapena za nthiti zitatu m'makina ena atsopano, zomwe zimazungulira mosemphana m'bokosi lachitsulo. Pakuzungulira kulikonse zimatapa mpweya kukhomo lolowera n'kukausiya kukhomo lotulukira. Chodabwitsa n'chakuti zitsulo ziwirizi sizikhudzana, ndipo sizikhudza bokosilo. Magiya a kumbali ndiwo amazisunga pa mtunda woyenera, kampata kochepa ngati kukhuthala kwa mapepala awiri kapena atatu. M'chipinda cha mpweyamo mulibe oyilo. Oyilo ndi girizi zili kumagiya ndi kumabeling'i kokha.

Tsono chimaziziritsa blower n'chiyani? Mpweya womwewo umene ikunyamula. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Blower ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha, ndipo kutenthako kumatuluka ndi mpweya wodutsa. Mukatseka khomo lolowera, zinthu ziwiri zimachitika pa kamodzi: ntchito imakula, chifukwa kusiyana kwa mpweya wa m'kati ndi wa kunja kwakula, pomwe mpweya wonyamula kutenthako wachepa. Zili ngati kuwonjezera nkhuni pa mafuwa kwinaku mukuchotsa madzi mu mphika. Kuwonjezera apo, mpweya wina wotentha wa kotulukira umazembera m'timipata tija kubwerera kolowera, n'kutenthetsedwanso kachiwiri. Zitsulo zozungulira zimatentha msanga kuposa bokosi, lomwe limawombedwa ndi mphepo kunja. Zimafutukuka, kampata ka mapepala atatu kaja kamatha, chitsulo chimakhudza chitsulo chikuzungulira maulendo masauzande pa mphindi, ndipo blower imagwira. Ikagwira motero nthawi zambiri siya kwa makaniko wa pansi pa mtengo.

Ndipo pochapa kapeti kutseka khomo si ngozi ya apo ndi apo. Nthawi iliyonse mlomo wa chokokera ukamatira pa kapeti yonyowa, mpweya umasowa polowera. Paipi ikapindika pa ngodya ya khomo, chimodzimodzi. Sokosi ikamezedwa, chimodzimodzi. N'chifukwa chake opanga makinawa amaikapo valavu yothandiza, kambale kachitsulo kogwidwa ndi sipuling'i. Mpweya wa m'kati ukachepa kufika pamlingo womwe adatchera, mpweya wa kunja umagonjetsa sipuling'iyo, kambale kamatseguka, ndipo mpweya wozizira umalowa kukadutsa mu blower. Psiii uja ndi kupuma kwa makina. Opanga ma blower a mtunduwu ambiri amaika malire pa mainchesi 15 kapena 16, ndipo opanga makina a makapeti amatchera valavu pansi pake, nthawi zambiri pakati pa 12 ndi 14, kuti pakhale mpata.

Koma manambala a m'mabuku amenewa amawerengedwa ngati makina ali m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo apa ndi pomwe phiri lathu likulowera. Chomwe chimatenthetsa blower si nambala ya pa geji payokha ayi. Ndi kuchuluka kwa maulendo omwe mpweya wa kotulukira ukuposera wa kolowera. Tiyeni tiwerenge limodzi ndi valavu yotcheredwa pa 15. Ku Beira kapena ku Durban mpweya wa kunja ndi 30. Chotsani 15, m'kati mwatsala 15. Blower ikutenga mpweya wa 15 kuukankhira ku 30, ndiko kuti ikuufinya kawiri. Bweretsani makina omwewo pa msika wa Zomba osakhudza nati iliyonse. Kunja ndi 27, chotsani 15, mwatsala 12. Gawani 27 ndi 12: kawiri ndi kota. Kwerani nawo ku Ku Chawe: 25 kuchotsa 15 kutsala 10, kufinya kawiri ndi theka. Pansonga, 23 ndi theka kuchotsa 15 kutsala 8 ndi theka, pafupifupi katatu kuchepera kota.

Geji pamalo onsewa ikuonetsa 15, muvi uli malo amodzimodzi, wogwira ntchito mtima uli m'malo. Koma pa blower ya Roots kutentha kowonjezereka kumakwera molingana ndi gawo lopitirira pa kamodzi. Titawerenga ndi mpweya wolowa wa madigiri 25, tikuganizira blower yangwiro yosazembetsa mpweya m'timipata, tidapeza kuti ku Beira mpweya umatuluka utawonjezera madigiri pafupifupi 85, m'tauni ya Zomba 106, ku Ku Chawe 128, pansonga 150. Blower yeniyeni, makamaka yakutha, imatentha kuposa apa. Ulendo wa theka la ola kuchokera m'tauni wokha wawonjezera madigiri oposa 20, ndipo kuyerekeza ndi kugombe kutentha kwakula ndi theka lathunthu. Sipuling'i sidziwa kuti yakwera phiri. Imangomva kusiyana kwa kunja ndi m'kati, ndipo imatsegula pa 15 kulikonse.

Lamulo losavuta kukumbukira, lomwe likutuluka m'masamu omwewa, n'lakuti blower yotere isachotse mpweya woposa theka la mpweya wa pamalopo. Theka la 30 ndi 15. Theka la 27 ndi 13 ndi theka. Theka la 25 ndi 12 ndi theka. Pansonga musafike 12. Awa ndi malire, osati pogwirira ntchito tsiku lonse, ndipo buku la blower yanu likanena nambala yotsikirapo, bukulo ndilo lolondola. Onani kuti ngakhale valavu yotcheredwa mwaulemu pa 13, yomwe ku Durban ili ndi mpata wambiri, m'tauni ya Zomba yatsala pang'ono kufika pamalire ndipo ku Ku Chawe yawadumpha. Komanso tawerengera ngati mpweya ukutuluka momasuka. Ngati chochepetsa phokoso kapena chotenthetsera madzi cha kotulukira chadzaza mwaye ndi ubweya wa kapeti, blower ikukankhira ku nambala yoposa ya kunja, ndipo kufinyako kwakulanso. Injini nayo paphiri imafooka: yopanda turbo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 a mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse.

Wina adzati, nanga kutsitsa valavu sikusiya kapeti yonyowa? Ili ndi funso labwino, chifukwa kapeti yosauma m'chinyezi cha pa phiri la Zomba mu June imachita nkhungu ndi kununkha, kasitomala osadzakuitananinso. Koma chomwe chimanyamula madzi m'paipi yaitali ndi kuthamanga kwa mpweya wambiri. Nambala yaikulu pa geji nthawi zambiri imatanthauza kuti mpweya waima. Wofuna kapeti youma afupikitse paipi, agwiritse ntchito yotakata, awongole mopindika, atsuke sefa, ndipo adutse kawiri katatu ndi chokokera osapopera madzi. Zonsezi n'zaulere. Blower yatsopano imalipiridwa ndi madola.

Tsopano tibwerere ku galimoto yathu ya Lachisanu lija. Pampu za magalimoto opopa zimbudzi zambiri si za Roots. Zimakhala ndi chitsulo chimodzi chozungulira chokhala cha kumbali m'bokosi, ndipo m'mipata yake mumatuluka timatabwa tosalala tomwe timakwecha khoma la bokosilo, oyilo akudonthera pang'onopang'ono. Makampani monga Jurop ndi Battioni Pagani a ku Italy kapena Masport ya ku New Zealand ndi odziwika pa pampu zotere. Zimatha kuchotsa mpweya wambiri kuposa blower ya Roots, kupitirira mainchesi 25 kugombe, koma kwa kanthawi kochepa chabe. Zambiri zoziziritsidwa ndi mpweya zimaloledwa kugwira ntchito mosalekeza pa mainchesi pafupifupi 18. Mageji a ku Ulaya amalemba mu bar, ndipo 18 ndi pafupifupi 0.6 bar. Mukapitirira n'kukhalitsa, oyilo amapserera, timatabwa timatupa kapena kusweka, ndipo pampu imaima monga tidaonera ndi maso athu. Masamu a phiri aja amagwiranso ntchito pano.

Tinene chilungamo: lekeni akadapha pampu ija ngakhale ku Chinamwali kapena ku Matawale. Phiri lidangofulumizitsa maliro. Ndipo cholakwa choyamba sichinali cha mnyamatayo. Chinali malo oimikapo galimoto. Inchesi imodzi ya mercury imakweza madzi pafupifupi masentimita 34, ndiye pampu ya pa 18 imakweza madzi oyera mamita 6 basi, paipi isadadyeko gawo lake. Zapansi pa thanki ya zimbudzi ndi zolemera kuposa madzi, zili ngati phala lolimba, ndipo zimakwera pang'ono kuposa apo. Galimoto inali pamsewu, thanki ili kumunsi kwa chitunda, ndipo pamene zam'kati zinkatsika, mtunda wokwera unkakulirakulira. Valavu itayamba kulira inkanena zoona: apa ndiye pothera mphamvu zanga. Ngakhale pampu yangwiro yochotsa mpweya wonse sikadakweza madzi kupitirira mamita 8 ndi theka pa mtunda wa Ku Chawe. Chofunika chinali kutsitsa galimoto, kuthira madzi m'thanki ndi kutakasa kuti zisungunuke, kuvuula nsanza ndi mapulasitiki zomwe anthufe timataya m'zimbudzi mopanda chisoni, ndi kumadzutsa mlomo wa paipi pang'ono kuti mpweya uzilowa limodzi ndi zonyansazo n'kuzinyamula m'magawomagawo.

Pali chifukwa chachiwiri chokhalira ndi valavu, ndipo ichi chimakhudza thupi la munthu. Mainchesi 15 amamveka ochepa, koma ndi kulemera kwa matani asanu pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, matumba 100 a chimanga a makilogalamu 50 atasanjikidwa pa kachitseko kamodzi. Thanki ya galimoto imapangidwa yozungulira, ndi mphete zachitsulo, kuti ipirire zimenezi. Koma thanki yadzimbiri, kapena ya madzi wamba yomwe wina waiwotcherera pa lole kuti ikhale yopopera, ikhoza kuphwanyikira m'kati ngati chitini chopondedwa, ndipo zimachitika m'kuphethira kwa diso. Otto von Guericke wa ku Magdeburg adaonetsa mphamvu yomweyi m'zaka za m'ma 1650, pamene magulu a akavalo adalephera kulekanitsa mbale ziwiri zamkuwa zomwe adazichotsa mpweya pakati. Paipi yokha ndi yoopsa. Ya mainchesi anayi pa 18 imagwira mkono kapena ntchafu ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 50. Ya kapeti, ya mainchesi awiri pa 13, imagwira ndi makilogalamu pafupifupi 9, zokwanira kuvulaza diso kapena khutu la mwana yemwe wabwera kudzaonerera.

Anzathu a zaumoyo ku Malamulo sakudabwa ndi zonsezi. Makina okokera mamina ndi magazi m'chipatala ali ndi chotcherera chawo, ndipo pokoka m'mphuno mwa khanda lobadwa kumene amaphunzitsidwa kusapitirira mamilimita 80 mpaka 100 a mercury, omwe ndi mainchesi atatu kapena anayi okha. Botolo lake lilinso ndi kampira koyandama kotseka njira botolo likadzaza, kuti madzi asalowe m'pampu. Galimoto ya zimbudzi ili ndi mpira wotere pamwamba pa thanki, ndi wachiwiri panjira yopita kupampu, ndipo makina a makapeti ali ndi choyandama chozimitsa injini thanki ikadzaza. Zindikirani kuti mpira ukatseka njira, pampu yatsekeredwa kwathunthu. Pa nthawi imeneyo choipulumutsa ndi valavu yokha, ndiye kuti valavuyo iyenera kukhala pakati pa mpira ndi pampu.

Nkhani ya malo a valavu ndi yomwe imapusitsa ngakhale osamala. M'makina ambiri a makapeti mpweya umachoka m'thanki, kudutsa pa sefa, kenaka kulowa mu blower. Ngati valavu ndi geji zili pathanki, sefa n'kutsekeka ndi ubweya ndi tsitsi, geji idzaonetsa nambala yaing'ono yosadetsa nkhawa, valavu idzakhala chete, pomwe kuseri kwa sefa blower ikubanika. Sefa yotsukidwa madzulo alionse ndi gawo la chitetezo chimodzimodzi valavu. Valavu nayonso imagwira dzimbiri ndi fumbi mpaka kumatirira, ndipo valavu yomatirira siisiyana ndi yomangidwa ndi lekeni. Makina akazima, kankhani kambale kake ndi chala. Kakakana kuyenda, tsukani ndi kudzoza ndodo yake musadapite kuntchito.

Kutchera kwake sikufuna digiri. Yang'anani kaye kuti geji ili pa ziro makina atazima. Geji yonama ndi yoipa kuposa kusakhala nayo. Lizani injini itenthe, ifike pa liwiro logwirira ntchito. Tsekani polowera paipi ndi kathabwa kosalala, osati ndi chikhatho. Werengani pomwe muvi waima valavu ikulira. Ngati wapitirira nambala yoyenera malo amene muli, masulani nati ya sipuling'i pang'ono, yesaninso, kenaka mangani nati yachiwiri yotsekera kuti kugwedezeka kwa msewu kusasunthe. Musatseke kwa nthawi yaitali, masekondi ochepa akwana. Ife tikadakhala ndi galimoto yogwira ntchito m'tauni ndi paphiri pomwe, tikadatchera pa nambala ya paphiri n'kuisiya pomwepo, kenaka n'kulemba nambalayo ndi penti pafupi ndi geji kuti wothandizira watsopano aliyense aione. Kutcheratchera m'mawa uliwonse kumafuna munthu wosaiwala, ndipo sitidamuonepo.

Mwina mukufunsa kuti nkhani ya nati ndi sipuling'i ikufuna chiyani m'magazini ya ophunzira. Taganizani za Zomba yemweyo. Mzindawu unali likulu la dziko mpaka 1975, koma nyumba zambiri za ku Chikanda, Mpondabwino, Sadzi ndi madera ena zimadalira zimbudzi zokumba ndi mathanki, ndipo magalimoto opopa si ambiri. Imodzi ikafa pampu, n'kudikira zipangizo zochokera kunja kwa milungu, zimbudzi sizidikira nawo. Zimasefukira, kapena anthu amalemba aganyu ozitapa ndi ndowa usiku n'kukataya kumene mvula idzazikokolole kupita mu Likangala, mtsinje womwe umathera m'nyanja ya Chilwa kumene kumachokera matemba athu. Aganyuwo amalowa m'maenje momwe muli mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, womwe ukachuluka umapha mphuno kaye munthu n'kuleka kuumva, kenaka n'kumukomola. Paphiri napo mitsinje yake ndiyo imadzaza damu la Mulunguzi, lomwe tauni yonse imamwa. Kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe adayambira ku Machinga, boma loyandikana ndi Zomba, adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ife amene timawerenga Deuteronomo 23, pomwe ana a Israyeli adalamulidwa kukhala ndi malo kunja kwa msasa ndi chokumbira chofotserera zonyansa, sitinganene kuti ukhondo wa chimbudzi ndi nkhani ya anthu ena.

Sande m'mawa, tikulongedza zikwama, adalaivala aja adabweranso ndi galimoto yobwereka kwa mnzawo. Ulendo uno adathira mchenga ndi nthambi pa kanjira koterera kaja, nabwerera chafutambuyo mpaka pafupi ndi thanki, paipi imodzi yokha n'kukwanira. Adatipempha kuti tithandize kutunga madzi, ndipo tidathira ndowa zingapo iwo akutakasa. Mnyamata uja ndiye adagwira paipi, akuidzutsa ndi kuimiza monga adamuuzira. Valavu inkalira nthawi ndi nthawi, ikatero iye n'kudzutsa paipi pang'ono, kulirako n'kuleka. Mmodzi wa ife adafunsa adalaivala ngati pampu yawo idzakonzeka.

"Timatabwa tasweka tonse, achimwene. Bokosi ndikaliona mawa ku Blantyre. Likakhala lakalika m'kati, ndiye basi, ndigula ina."

Thanki idatha isadakwane 10 koloko, ndipo tidatsika phiri kumbuyo kwa galimotoyo, mawindo a minibasi titatseka.